Momwe mungayezere liwiro la mtambo wophulika padzuwa pogwiritsa ntchito mzere wofiira wa haidirojeni

Malangizo awa ndi anu aphunzitsi a sayansi m'sukulu za sekondale za kuno kuchigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka, pamodzi ndi ophunzira a Fomu 3 ndi 4 amene physics imawakomera. Ndikufuna kuti pomaliza, gulu lanu lithe kutenga zithunzi zenizeni za dzuwa, kuyeza msinkhu wa mtambo wa mpweya umene ukuthothoka padzuwapo, n'kuwerengera liwiro lake. Zimatheka ndi foni kapena laputopu imodzi, rula, kope la masamu ndi bandulo yochepa.

Mitambo imeneyi akatswiri amaitcha ma prominence. Ndi mpweya, makamaka wa haidirojeni, umene mphamvu ya maginito a dzuwa imaukoleka m'mwamba. Kutentha kwake kumakhala cha m'ma madigiri 10,000 kapena kucheperapo, pamene mpweya wopyapyala wouzungulira, wotchedwa corona, umapitirira madigiri 1 miliyoni. Mtambo wotere ukhoza kukhala phee kwa masiku kapena masabata, kenaka tsiku lina maginito aja n'kusokonekera, wonse n'kunyamuka. Pa kadamsana wa pa 21 Juni 2001, mthunzi wa mwezi unakhudza nsonga ya kum'mwera kwenikweni kwa boma la Nsanje itangopitirira 3 koloko masana. Dzuwa likaphimbika lonse choncho, m'mbali mwa mwezi mumaoneka timadontho tofiirira. Amenewo ndiwo ma prominence, ndipo kufiirako n'kwa haidirojeni.

Maso kaye

Palibe pamene malangizowa akukutumani kuyang'ana dzuwa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kuno kuli msampha wakewake. Mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa tchire ndi wa m'minda ya nzimbe ukasakanikirana ndi fumbi, dzuwa la madzulo limafiira n'kuoneka lozirala, ndipo ana amalipenyetsetsa osaphethira. Diso limapsa mkati popanda ululu, munthu n'kudzazindikira pambuyo pake kuti pakati pa zimene akuona pali kadontho kosachoka. Magalasi akuda ovala padzuwa, galasi lodetsedwa ndi mwaye wa koloboyi, filimu ya X-ray, madzi a m'beseni, galasi wamba la owotcherera zitsulo, zonsezi siziteteza. Magalasi ovomerezeka oonera kadamsana amateteza ndithu, koma prominence sangakuonetseni, chifukwa amachepetsa kuwala konse mofanana, ndiye kuwala kofooka kwa mtambowo kumamira.

Yambani ndi kabokosi koonera mizere

Ena angafune kudumpha gawo ili n'kuthamangira pa intaneti. Ine ndikuti musalidumphe. Wophunzira amene sanaonepo mzere wa haidirojeni mu utawaleza wa kuwala kwa dzuwa ndi diso lake, zithunzi zija amangoziona ngati dzuwa lopakidwa utoto, ndipo masamu a kutsogoloku sadzamulowa.

Pezani katoni ya nsapato, DVD yakale, malezala awiri atsopano, tepi yakuda ya zamagetsi ndi sizasi. Mkati mwa katonimo pakani utoto wakuda wa pabolodi. Kumapeto kumodzi boolani kazenera kakang'ono, ndipo pamenepo mumate malezala aja, kunsonga kwake kutayang'anizana. Kuti kampata kakhale koyenera, panitsani pepala limodzi la m'kope pakati pa malezalawo, matani tepi, kenaka solorani pepalalo pang'onopang'ono. Kampata kotsalako, kochepa ngati kuchindikala kwa pepala, ndiko mtima wa chipangizo chonse. Kakakula, mizere imafufutika. Kakapotoka, mizere imapotokanso. Ntchito ya malezalayi agwire mphunzitsi.

Dulani kachidutswa ka DVD, muike mkati kumapeto enawo, mbali yonyezimira itayang'ana kukampata koma itapendekera m'mwamba. Pamwamba pa kachidutswako, pachivindikiro, boolani bowo losuzumira. DVD ili ndi timizere pafupifupi 1,350 pa milimita iliyonse, pamene CD ili ndi 625, n'chifukwa chake DVD imamwaza mitundu ya kuwala motambalala bwino. Timizere take tiyende mofanana ndi kampata kaja. Pendeketsani pang'onopang'ono mukusuzumira, ndipo utawaleza ukatulukira pabowo, matani pomwepo.

Yesani kaye ndi babu la energy saver kapena getsi lalitali la chubu. Mukaona mizere yowala payokhapayokha, wobiriwira, wabuluu, wofiirira, ndiye kuti mwakhoza. Babu la LED silithandiza pano chifukwa mitundu yake imangolumikizana.

Tsopano tulukani panja. Lozetsani kampata kukhoma lopaka laimu limene likuwombedwa ndi dzuwa, kapena papepala loyera loyalidwa pabwalo, osati kudzuwa kwenikweniko. Wosuzumira afunde chitenje kumutu pamodzi ndi kumbuyo kwa bokosi kuti kuwala kwa m'mbali kusalowe, ndipo apirire kamphindi mpaka diso lizolowere. Aona utawaleza wodulidwadulidwa ndi timizere takuda topyapyala. Mizere yoona ndi imene ikudula utawaleza mopingasa, mofanana ndi kampata. Imene ikuyenda m'litali, kuchokera kofiira mpaka kwa buluu, ndi fumbi kapena kubenthuka kwa lezala, pukutani.

Joseph von Fraunhofer anayamba kuilemba mwadongosolo mizere imeneyi mu 1814, n'kuipatsa zilembo. Wosavuta kuona ndi D, pakati pa chikasu ndi olenji, pa nanomita 589 (nanomita ndi muyeso wa utali wa funde la kuwala). Umenewo ndi wa sodium. Kobiriwira kuli wa magnesium, cha pa 517. Yathu, ya haidirojeni, ndi iwiri. Mzere F uli pamene kubiriwira kukusanduka buluu, pa 486.1, ndipo dzina lake lina ndi H-beta. Mzere C uli mkati mwa kufiira, pa 656.3, ndiwo H-alpha, mwini nkhani yathu. Umavutirapo chifukwa diso siliona bwino kufiira kozama. Musausokoneze ndi wina wochindikala umene uli chamkati mwake, pa 687. Umenewo ndi wa okosijeni wa mumpweya wathu womwe uno, ndipo umada kwambiri dzuwa likapendeka. Kumapeto kwa buluu kulinso H-gamma pa 434.0 ndi H-delta pa 410.2. Pamodzi ndi H-alpha ndi H-beta, iyi ndiyo mizere inayi ya haidirojeni imene Johann Balmer, mphunzitsi wa masamu wa ku Basel, anaipezera lamulo lake mu 1885.

Fotokozani chifukwa chake pena ndi wakuda, pena wowala

Mu atomu ya haidirojeni, elekitironi ikatsika kuchoka pa mlingo wachitatu kufika pa wachiwiri, imatulutsa kuwala kwa nanomita 656.3 ndendende. Ikamakwera kuchoka pa wachiwiri kupita pa wachitatu, imameza kuwala komweko. Ndiye mtambo wa haidirojeni ukakhala pakati pa ife ndi nkhope yowala ya dzuwa, umatchinga H-alpha n'kuoneka ngati kachingwe kakuda. Pamenepo amautcha filament. Mtambo womwewo ukafika m'mphepete, kumbuyo kwake kuli mdima, timaona kuwala kwake kofiira, ndipo ndi prominence. Ophunzira agwiritsitse mfundo imeneyi: ndi chinthu chimodzi.

Jules Janssen anaona mizere yowalayi pa kadamsana wa pa 18 Ogasiti 1868 ali ku Guntur ku India, ndipo m'mawa mwake anaipezanso popanda kadamsana. Norman Lockyer anachita zomwezo ku England mu Okutobala chaka chomwecho. Nzeru yawo ndi yomwe ikugwira ntchito mpaka lero: taya kuwala kwina konse, usunge kachigawo kakang'ono ka H-alpha. Utawaleza wonse umachokera cha pa nanomita 400 kufika 700, koma fyuluta yoonera ma prominence imalola kachigawo kosakwana nanomita 0.1. Kabokosi kathu sikangafike pamenepo, n'chifukwa chake tikubwereka maso a ena.

Tsitsani zithunzi

Bungwe la National Solar Observatory la ku America lili ndi matelesikopu asanu ndi imodzi otchedwa GONG, ojambula dzuwa mu H-alpha mphindi iliyonse: ku Learmonth ku Australia, Udaipur ku India, El Teide ku Tenerife, Cerro Tololo ku Chile, Big Bear ku California ndi Mauna Loa ku Hawaii. Anawamwaza choncho kuti kwina kukada, kwina kukhale kukuwala. Zithunzi zake ndi zaulere; lembani "GONG H-alpha" posakira pa intaneti. M'mawa wa kuno zimabwera za ku Learmonth ndi Udaipur, masana za ku El Teide ndi Cerro Tololo.

Nthawi yolembedwa pachithunzi ndi UT. Wonjezerani maola awiri kuti mupeze ya ku Malawi. Kumpoto kwa dzuwa kuli m'mwamba, kum'mawa kuli kumanzere. Dzuwa limazungulira kamodzi pa masiku pafupifupi 27 tikamaliona kuchokera kuno, choncho filament yotulukira kumanzere imatenga masiku 13 kapena 14 kuti ikalowe kumanja.

Musamalize bandulo ndi mavidiyo. Chithunzi chimodzi patsiku n'chokwanira poyamba. Wophunzira ajambule bwalo m'kope mozungulira kapu, alembe deti ndi nthawi, aikemo filament iliyonse ndi prominence iliyonse pamalo pake. Pakatha sabata ayamba kuzidziwa. Yoti muiyang'anitsitse ndi yaitali imene yayamba kuda kwambiri, kunenepa kapena kupindikapindika, chifukwa zimenezi kawirikawiri zimatsogolera kuphulika. Tsiku limene mupeze kuti dzulo inalipo lero palibe, bwererani mu nkhokwe ya zithunzi za maola apakatipo, mutsitse chimodzi pa mphindi 10 zilizonse.

Yezani ndi rula

Dzuwa ndi lotambalala makilomita 1,392,000, kuwirikiza ka 109 dziko lathu. Pa laputopu, kulitsani chithunzi mpaka dzuwa likwane mamilimita 139 kuchokera mbali ina kufika ina. Pamenepo milimita iliyonse ndi makilomita 10,000. Pa foni, lifikitseni pa mamilimita 70, ndipo milimita iliyonse ikhala makilomita pafupifupi 20,000. Mukasintha chithunzi, makamaka chikachokera ku telesikopu ina, yezaninso kutambalalako musanapitirire.

Chitirani m'kalasi kapena pamthunzi, kuwala kwa sikirini kutakwezedwa, popeza prominence ndi yofooka. Gonekani rula ya pulasitiki kuti idutse pakati penipeni pa dzuwa n'kukafika pansonga ya mtambowo, ndipo muwerenge kuchokera m'mphepete mwa dzuwa kufika pansongapo. Ayeze ophunzira awiri, aliyense payekha osauzana. Akasiyana theka la milimita pa laputopu, kusiyanako ndi makilomita 5,000, ndipo kulembedwe pambali pa yankho. Kumeneko si kulephera; muyeso wopanda malire ake sukhulupirika.

Nachi chitsanzo chongophunzirira. Pa 10:00 nsonga ili pa mamilimita 3, ndiwo makilomita 30,000, kuposa kawiri kutambalala kwa dziko lathu, kumene ndi makilomita 12,742. Pa 10:20 yafika pa mamilimita 9, makilomita 90,000. Yakwera makilomita 60,000 m'masekondi 1,200, kutanthauza makilomita 50 pa sekondi iliyonse.

Musaime pa manambala awiri okha. Lembani graph, nthawi pansi, msinkhu m'mbali, ndipo apa ndi pamene pali phindu lenileni la ntchito yonseyi. Kawirikawiri mzere umayamba mogona: mtambo ukukwera pang'onopang'ono, makilomita ochepa pa sekondi, mwina kwa maola. Kenaka pamabwera popindikira, mzere n'kuima chilili, liwiro n'kufika makumi ngakhale mazana a makilomita pa sekondi m'kanthawi kochepa. Popindikirapo ndi pamene maginito ogwira mtambowo agonja, ndipo chimene chimayambitsa kugonjako ndi nkhani imene akatswiri akuifufuzabe. Wophunzira wa ku Bangula akalemba nthawi ndi msinkhu wa popindikirapo, wayeza chinthu chomwecho chimene iwo amayeza.

Ngati dzuwa lakhala phee masiku amenewo, phunzirirani pa zakale. Pa tsamba la Helioviewer sankhani 31 Ogasiti 2012, pakati pa 19:00 ndi 21:00 UT, chithunzi cha AIA 304 cha setilaiti ya SDO. Muona filament yaitali chakumunsi kumanzere ikutukuka n'kuthothoka. Dziwani kuti 304 si haidirojeni, ndi mzere wa helium wa nanomita 30.4, koma mtambo ndi womwewo ndipo kayezedwe n'kamodzimodzi.

Mtambo ukazimiririka, musafulumire kunena kuti watha

Pano ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mukutsatira bwinobwino mu H-alpha, mwadzidzidzi mtambo wayamba kuzilala, kenaka palibe. Wophunzira afunsa kuti, "Aphunzitsi, wapita kuti?" Yankho lili mu mzere uja anauona m'kabokosi.

Mukaima m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nchalo, njinga yamoto ya kabaza ikamabwera imalira mokweza mawu, ikangodutsa kulirako kumatsika. Kuwala kumachitanso chimodzimodzi, ndipo zimenezi zimatchedwa Doppler. Mpweya ukamabwera kwa ife, mzere wa H-alpha umasunthira chakubuluu, nambala yake n'kuchepera 656.3, ukamathawa, umasunthira chakofiira. Masamu ake ndi awa: liwiro ndi 300,000 (liwiro la kuwala m'makilomita pa sekondi) kuchulukitsa ndi kusunthako, kugawa ndi 656.3. Mzere ukasuntha nanomita 0.1, liwiro ndi makilomita pafupifupi 46 pa sekondi.

Tsono kumbukirani kuchepa kwa fyuluta ija. Ngati ikulola nanomita 0.07 yokha, ndiye kuti mbali iliyonse kuli 0.035, amene ndi makilomita 16 pa sekondi. Mtambo ukapitirira pamenepo molunjika kwa ife, kuwala kwake kwayamba kutuluka kunja kwa kampata ka fyulutayo. Ulipo, koma telesikopu yasiya kuuona. Palinso zifukwa zina ziwiri. Ukatenthedwa kwambiri, maatomu amataya ma elekitironi awo, ndipo haidirojeni wopanda elekitironi alibe mzere woti n'kutulutsa. Ukamakwera umafutukukanso n'kupyapyala. Kuti musiyanitse, tsegulani AIA 304 ya nthawi yomweyo. Mukauona ukukwerabe, waphulika ndithu. Nthawi zina filament imazimiririka chifukwa cha kutentha kokha, n'kudzaonekanso pamalo pomwepo patapita maola kapena masiku. Musaifufute m'kope msanga.

Pali phunziro lina apa. Rula imangoyeza kuyenda kopingasa, kumene tikukuona pachithunzi. Doppler imayeza kuyenda kobwera kapena kothawa. Liwiro lenileni limafuna zonse ziwiri, ndipo zimaphatikizidwa ndi lamulo la Pythagoras limene ana analiphunzira kale: 50 wa rula ndi 46 wa Doppler apereka makilomita pafupifupi 68 pa sekondi. Choncho nambala ya rula yokha izilembedwa kuti "osachepera". Zithunzi za GONG n'zapakati pa mzere, sizipereka Doppler. Zipangizo zimene zimasanthula mzere wonse, monga setilaiti ya CHASE imene China inaitumiza mu Okutobala 2021, ndizo zimapereka. Akatswiri amayezanso kunenepa kwa mzerewo kuti adziwe kutentha ndi kuwinduka kwa mpweya, komanso amayerekeza H-alpha ndi H-beta kuti aone kuti mtambo ndi wothithikana bwanji.

Utsatireni mpaka kunja

Chithunzi cha H-alpha chimathera pafupi ndi m'mphepete mwa dzuwa. Kupitirira apo, pa Helioviewer pomwepo sankhani LASCO C2 kenaka C3, za setilaiti ya SOHO imene inanyamuka mu Disembala 1995. Chipangizochi chimaphimba dzuwa dala kuti corona ioneke. Pakatha ola limodzi kapena awiri, fufuzani chimtambo choyera chikufutukuka mbali yomwe ija; chimenecho ndi CME (coronal mass ejection), mpweya umene dzuwa lauponya kutali, ndipo kawirikawiri kowala kwambiri mkati mwake ndi prominence yanu. Chikazungulira mbali zonse, ndiye kuti chikubwera kuno kapena chikupita kuseri.

Mtunda wochoka kudzuwa kufika kuno ndi makilomita 150 miliyoni. Gawani ndi liwiro: pa makilomita 600 pa sekondi ndi maola pafupifupi 69. CME ya pa 31 Ogasiti 2012 inanyamuka pa makilomita oposa 1,400 pa sekondi, zomwe pamasamu ndi maola osakwana 30, koma aurora, kuwala koyaka kumwamba usiku CME ikasokoneza maginito a dziko lapansi, inaoneka usiku wa pa 3 Seputembala. Afunseni ana chifukwa chake. Inachepetsa liwiro m'njira pokankhana ndi mphepo ya dzuwa, ndipo dziko lathu inangolikhudza ndi m'mbali. Kuti muone ngati kulosera kwanu kwapherezera, onani malipoti a SANSA, bungwe loona za mumlengalenga limene lili ndi likulu loona za nyengo ya mumlengalenga ku Hermanus ku South Africa.

Funso limene lidzabwere ndithu ndi lakuti kaya zimenezi ndizo zimabweretsa kutentha kwa mu Okutobala, kapena madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Yankhani mosazungulira kuti ayi. Kuno kumatentha chifukwa chigwachi n'chotsika kwambiri ndipo nyengo imeneyo dzuwa limadutsa pamutu mvula isanagwe. Anamondwe amabadwira panyanja ya Indian Ocean. CME imasokoneza maginito a dziko lapansi, ndipo zovutika ndi masetilaiti, GPS, wailesi za shortwave ndi mawaya ataliatali a magetsi. Pa 13 Malichi 1989 dera la Quebec ku Canada linakhala maola 9 opanda magetsi, ndipo mu Meyi 2024 aurora inaoneka mpaka ku South Africa.

Sukulu ikadzapeza telesikopu yakeyake

Ikhale yopangidwira dzuwa yokhayokha, monga za Lunt kapena Coronado, zimene zili ndi fyuluta ya H-alpha yomangidwiratu mkati. N'zodula, choncho sukulu zoyandikana zikhoza kugwirizana n'kumabwerekana. Chenjerani ndi fyuluta ina yolembedwanso H-alpha imene amajambulira nyenyezi usiku. Imeneyo padzuwa ikhoza kukuchititsani khungu nthawi yomweyo. Musanagwiritse ntchito, yang'anani ngati palibe chosweka kapena chokhwefuka, ndipo mwana asatsale nayo yekha.

Nthawi yabwino kuno ndi m'mawa, cha m'ma 7 mpaka 9 koloko, nthaka isanayambe kutulutsa chifundizi chimene chimagwedeza chithunzi. Imikani paudzu, kutali ndi denga la malata ndi simenti. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti kumwamba kumayera bwino, kupatula masiku a chiperoni. Telesikopu zotere zimakhala ndi kopotokola kosunthira fyuluta pang'ono chakubuluu kapena chakofiira. Filament ikayamba kuzilala, potokolani pang'onopang'ono chakubuluu. Ikatulukiranso kumeneko yakuda bii, ndiye kuti ikunyamuka kubwera mbali yathu. Lembani nthawi, muchotse maola awiri kuti ikhale UT, mukafananize ndi zithunzi za LASCO za tsiku lomwelo.